Chithunzi cha amake Tisa chapita

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, thupi lalefuka.

Ndimafuna kusonkhanitsa zithunzi za malemu mkazi wanga kuchokera m'mafoni athu awiri akale. Pa kompyuta ya kuntchito ndinalemba kasikiripiti, kapulogalamu kakang'ono kosamutsira mafayilo onse a zithunzi, a IMG_*.jpg, mu foda imodzi. Ndinakauza kuti kaime ngati foda yasowa, koma sindinaganize kuti mafoniwo amapatsa zithunzi mayina ofanana. Zatsopano zafufuta zakale, ndipo mv, lamulo losamutsira mafayilo, silisiya kanthu komwe latenga.

Chithunzi chija anajambulitsa ku Chinyunyu atavala yunifomu ya kumpingo palibe. Pa dzina lake tsopano pali chithunzi cha matumba a fetereza.

Tisa, mwana wathu, waimba kuchokera ku Lusaka. "Atate, chija choika pamwala wa kumanda mwachipeza?"

Ndamuyankha kuti mawa. Kaya mawa ndikamuuza chiyani...