Liwombo la Henrique Lalowa, Ine Ndamuchotsa ku Bere

Aphungu,

Ine ndine nkhalamba, sukulu sindinaiponde. Mawuwa ndi anga, cholembera agwira ndi a Bernado, akatekisita athu, ndipo ndawauza kuti asakometse kanthu.

Ndiyambire pomwe zinayambira. Chaka chatha, chimanga chisanaume, asilikali a Apwitikizi anabwera ndi magalimoto kumudzi kwathu, kufupi ndi Itepela, natiunjika m'mudzi wa waya uno umene amautcha aludeyamento. Midzi isanu, chitsime chimodzi. Zimbudzi anakumba kumtunda kwa chitsimecho. Tinaona tonse, koma akanayankhula ndani? Mkamwini wanga Selemane anamutenga kukalambula msewu wa ku Mandimba. Mwezi wachinayi uno, ngakhale uthenga.

Anasiya mwana wanga Luciya ndi khanda lalimuna, Henrique, la miyezi isanu ndi iwiri. Minda yathu inatsala kutali. Chipata amatsegula dzuwa litakwera, akazi amapita pamzera, mfuti kutsogolo, mfuti kumbuyo. Makanda analetsa, ati kulira kwawo kumamveka kutchire. Ndiye mwana amatsala ndi ine tsiku lonse. Akalira ndimamupatsa kaphala, ndi madzi a pachitsime paja. Ndikanamupatsa chiyani china? Mabere anga anauma kalekale.

Sabata yatha anayamba kutsekula m'mimba. Tsiku lachitatu liwombo linalowa, mwakuti nyemba ikhoza kukhalapo osagwa. Ndinamatapo mankhwala a mizu monga ndinkachitira ndi ana anga, osathandiza. Akulira, koma misozi palibe.

Pamenepo azimayi anzanga anandiyamba pamzera wa madzi. Ati, "Inu anakubala, mukufunafuna chiyani? Bambo wake kulibe, mwana walowa liwombo. Ndi tsempho limenelo. Kamufunseni mwana wanuyo kuti sopo uja wamupatsa ndi msilikali uti." Sopoyo ndinamuonadi, kachidutswa kobiriwira. Nditamufunsa anati, "Amayi, anandipatsa mnzanga Anifa, ndinamupalirako mizere iwiri." Ine sindinamve. Chifukwa cha manyazi ndinamuwomba mbama, munthu wamkulu, wobereka. Ndinamuletsa kuthira mchere m'ndiwo. Ndinamuletsanso kuyamwitsa, poti mkaka wa munthu wotentha umapha mwana.

Lero ndi tsiku lachiwiri mwana osayamwa. Luciya mabere amutupa, nsalu yanyowa, akukhala kuseri kwa nyumba osandiyang'ana. Dzulo anangoti, "Akafa, manda mukakumbe nokha, amayi." Kuposito, kuofesi ya boma kunja kwa waya, kuli enifermeru, munthu wachipatala, koma pachipata satulutsa munthu wopanda giya, kapepala ka chilolezo, ndipo wolemba magiyayo amangoti bwerani mawa.

Ana ndinabala asanu ndi atatu, anayi ndinaika, koma palibe amene anandifera m'manja mayi wake akundiyang'ana. Ndiuzeni, Aphungu. Ndikamubwezera ku bere, kodi sindimupha? Nanga ndikapanda kumubwezera?

N. M., Itepela

Agogo N. M.,

Kalata yanu yayenda masiku ambiri isanandipeze, ndipo mtima wanga suli m'malo. Ndikuyankhani ngati kuti Henrique akadali moyo.

Mubwezereni ku bere lero, musanamalize n'komwe kumva yankholi. Mkaka wa Luciya si wotentha. M'mudzi wa waya monsemo ndi chinthu chokhacho chimene sichinadutse pachitsime chija. Mwana wadwala chifukwa cha madzi amene zimbudzi zikutsikiramo, ndiponso chifukwa anamulekanitsa ndi mayi wake tsiku lonse. Zimenezo simunachite ndinu. Koma kumuchotsa ku bere munachita ndinu, ndipo ndi chimene chingamumalize.

Liwombo limalowa madzi akatha m'thupi, monga dzungu limafota likasowa mvula. Kumata mizu pamutu sikubweza madziwo. Wiritsani madzi mpaka abwate. Phikani nawo phala lamadzimadzi, lipse bwino, muthiremo mchere wotsina ndi zala, lisawawe kuposa misozi. Muzimupatsa pang'onopang'ono ndi supuni yotsuka, pakati pa kuyamwa, nthawi zonse akachita chimbudzi. Akasanza, dikirani pang'ono, yambaninso. Mcherewo athire Luciya yemweyo, panja, azimayi a pamzera aja akuona. Inu musambe m'manja musanamudyetse, ndipo sopo wa Anifa uja ntchito yake ndi imeneyo.

Luciya asapite kumunda mpaka mwana achire. Mizere yake apalire amene anali ndi mphamvu zomunenera.

Za giya, musapitenso nokha kukapempha ndi pakamwa. Pitani ndi a Bernado, mwana ali m'manja, mumuvundukule pamaso pa wolembayo, aone yekha mutuwo. Kuuza nkhalamba kuti mawa n'kosavuta. Kuuza khanda n'kovutirapo. Akakana, khalani pomwepo.

Mwana wanuyo mumupepese, ndi mawu omveka, osati kungomusunthira mbale ya chakudya. Mwamuna anamulanda, munda anamulanda, ndipo inu, amene mukanamuimira, munamulanda mwana chifukwa cha kachidutswa ka sopo. Azimayi anzanu muwauzenso kuti aziwiritsa madzi a makanda awo, chifukwa chitsime ndi chomwecho, ndipo mawa tsempho adzalipeza pakhomo pa wina.

Chenjezo langa ndi ili. Mukamuona Henrique wagona phee, wasiya kulira, maso alowa, thewera louma kuyambira m'mawa, musanene kuti wapeza bwino tsopano. Mwana wotsekula m'mimba akakhala chete ndiye kuti mphamvu zolirira zamuthera. Musadikire mawa la munthu aliyense, ngakhale yankho langa. Munyamuleni, muthamange naye kwa enifermeru.

Aphungu