Mpando Wogwedera

Ngala, Nkhotakota

Okondedwa Achemwali a Mariam,

Landirani moni nonse kumeneko. Kuno tilipo, kungoti tulo sitikubwera.

Mwafunsa ngati Sumaiya wanu, poti wamaliza digiri ya kayang'aniridwe ka antchito, angafunsire ntchito imene kampani yathu yalengeza. Chilengezocho ndinalemba ndine. Abwana anati ndiikemo mawu akuti "wa digiri yekha". Ndinachiwerenga katatu, mulibe cholakwika. Ine ndikadali ndi dipuloma yomwe ija, ndipo mu ofesi yangayi, momwe muli ntchitoyo, mumakhala munthu mmodzi basi. Mayi a ana sindinawauze.

Afunsire ndithu, akutseka Lachisanu. Akamutenga, mudzamuuze kuti mpando wa mu ofesimo umagwedera mwendo wakumanzere. Ine ndimaikapo kapepala kopinda kanayi.

Ndine mlongo wanu,
Ismail