Timabotolo ta Amayi a ku Bua

Bua, Nkhotakota
16 Ogasiti 2024

Okondedwa Adada,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Chitipa, ndi kuti bondo lija lakusiyaniko. Ife kuno tili moyo. Mwera wavuta chaka chino, asodzi angokhala kumtunda kumasoka maukonde. Ndasankha kalata m'malo mwa foni chifukwa ndimakudziwani, nkhani ikayamba kuwawa mumati netiweki yathawa.

Munamva kuti kuyunivesite anatituma anthu atatu kudzachita kafukufuku wa likodzo m'midzi ya kuno. Ine ndimayeza mikodzo, kufufuza mazira a tizilombo timene timalowa m'thupi munthu akamasamba kapena kuchapa m'madzi okhala nkhono. Mnzanga Khalidi ndi wa masamu. Amatenga manambala anga n'kuwerengetsera kumene matendawa akulowera, kuti mankhwala azipita kumene akufunikadi. Wachitatu ndi Dyness, wa zisudzo. Ndisabise, poyamba ndinkamuona ngati wongodzaza galimoto.

Tsono ndiyambe ndi kulakwa kwanga, ndisanafike pa kwanu. Lamulo la ntchito yathu ndi loti munthu akalandira kabotolo, ine ndizimudikira pakhomo pa chimbudzi. M'midzi ina ndinkaterodi. Koma tsiku limene tinafika kwathu kuno, amene anaima pamzere anali azakhali, anzawo a amayi, anthu amene anandiberekapo kumbuyo ndili wamamina. Ndikanawaimira bwanji pakhomo ngati wapolisi? Ndinawagawira timabotolo makumi anayi, iwo n'kulowa nato kuseri kwa mpanda wa a Alufandika, ine n'kukhala pamthunzi kumadya chinangwa chootcha.

Nditayeza, sindinapeze dzira ngakhale limodzi. Ndinanyada, Adada. Ndinafika poimbira aphunzitsi anga kuwauza kuti amayi a kwathu amadzisamala. Khalidi yekha sanasangalale nawo. Anandikumbutsa kuti mwa ana khumi alionse a m'mudzi womwewo, asanu ndi mmodzi tinawapeza ndi likodzo, amuna nawonso chimodzimodzi, ndipo onsewa amatsikira padooko limodzi ndi amayiwo. Kenaka anatseka kope lake n'kunena kuti, "Suwilanji, manambala awa akongola mopitirira. Apa sunayeze anthu makumi anayi. Wayeza munthu mmodzi kamakumi anayi."

Ndinamukalipira, ndipo ndinatha masiku awiri osamupatsa moni. Tsiku lachitatu ndinapita kwa amayi anga, ndinawapeza akuyanika chinangwa pathandala. Nditawafunsa za timabotolo tija, sanavutike n'kukana. Akuti a Alufandika ali ndi mpongozi wochokera ku Dowa, wangotha mwezi umodzi kuno ndipo sanapondepo m'madzi a Bua. Mtsikanayo anamumwetsa thobwa kuyambira m'mamawa mpaka anadzaza timabotolo tonse yekha. Amene anakonza zonsezi ndi amayi.

Ndinkafuna kuseka, koma ukali unaposa. Ndinawafunsa chifukwa chimene anandichitira zotere mwana wawo.

"Mwamuna akakodza magazi amati ndi madzi," anatero. "Mkazi akatero amati ndi woyendayenda. Iwe ukuganiza kuti chinachotsa bambo ako pakhomo pano n'chiyani?"

Adada, ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Munandiuza kuti mukupita kukasamala munda wa agogo, ndipo ndakhala ndikukhulupirira zimenezo zaka khumi ndi zisanu.

Ndikanatha kungokhala chete, manambala aja n'kuwalemba mmene analili, n'kuvala gauni chaka chino. Koma ndiye kuti amayi a mudzi uno akanalembedwa kuti ali bwino, mankhwala n'kuwadumpha. Ndinaulula kwa aphunzitsi anga. Anandidzudzula mokwanira, ndipo maphunziro anga awonjezekera chaka china. Sindikudandaula, ndi mphwayi zanga.

Amene anatitulutsa m'dzenjemo ndi Dyness uja ndinkamuderera. Iye sabwera ndi sewero lolembalemba. Amakhala pansi ndi anthu, kuwasiya asewere zimene anaziona okha, ndipo nkhani ikafika pothina amaiimitsa n'kufunsa oonera kuti ayankhe. Anasonkhanitsa amayi okhaokha pansi pa mtengo wa mango wa kusukulu. Mkazi wodwala anapezeka msanga woti asewere, koma malo a mwamuna aliyense ankakana. Mwadzidzidzi amayi anga anaimirira. Anabwereka chipewa, n'kuika manja kumbuyo mmene mumachitira inu, mpaka anzawo anafa nacho chiseko. Kenaka analankhula, mawu atatsika:

"Ine matenda amenewa sindinakubweretsere. Amene anakupatsayo akakusunge."

Chiseko chinathera pompo. Ena mwa amayiwo analipo tsiku limene mawu amenewa anamveka koyamba, ankhoswe ali pomwepo. Ena anawamvapo m'nyumba zawo. Ine ndinalira, ndipo sindikuchita manyazi kukuuzani. Sewero litatha, amayi anavula chipewa chija n'kundiuza kuti ndibweretse timabotolo tina, ndipo ulendo uno ndiime pakhomo.

Mwa amayi makumi anayi aja, makumi awiri ndi asanu ndi awiri tinawapeza ndi likodzo, ndipo onse alandira mankhwala. Amayi anga ndinapita nawo kuchipatala. Namwino anawayeza n'kupeza zipsera za likodzo lakalekale m'njira ya chiberekero, ndipo matenda ena sanawapeze. Anatifotokozera kuti likodzo likakhazikika mmenemo limabweretsa magazi, zilonda ndi ululu, moti anthu ambiri amalisokoneza ndi matenda opatsirana pogonana. Ndikudziwa kuti mwana wamkazi salankhula zotere ndi bambo ake. Mundikhululukire, koma ulemu womwewu ndi umene unandilakwitsa kuseri kwa mpanda kuja, ndipo sindibwerezanso.

Zotsatira za munthu siziululidwa popanda chilolezo chake, choncho ndinawafunsa amayi ngati ndingakulembereni. Anati ndikuuzeni zonse, koma ndisakupempheni kanthu. Lamulo lachiwirili ndikuliphwanya, ndipo iwo sakudziwa.

Pa 7 Seputembala seweroli lidzaonetsedwa pabwalo la sukulu, pamaso pa mudzi wonse, amuna ali pompo. Sindikuti mubwererane ndi amayi, zimenezo zinapita ndipo muli ndi banja lanu. Ndikupempha kuti mukwere basi, mudzatsikire pamlatho wa Bua, ine ndidzakuchingamirani. Amayi akadzanena mawu anu aja, Dyness adzaimitsa sewero n'kufunsa ngati alipo wofuna kuyankha. Pamenepo mudzaimirire, munene kuti simunkadziwa, ndi kuti mkazi uja sanalakwe. Amuna a kuno amakukumbukirani ngati msodzi wa mpasa amene sankabwerako chimanjamanja. Akamva kwa inu adzamvetsa kuposa akamva kwa ine ndi manambala a Khalidi. Mukapanda kubwera sewero lichitikabe, ndipo ine ndipitiriza mudzi ndi mudzi mpaka ku Kanyenda. Koma amayi adzaima pabwalopo popanda wowayankha, ngati kale lija.

Mundiperekere moni kwa amayi aang'ono ndi azing'ono anga onse. Kalatayi muwerenge nokha kaye, kenaka ngati mtima ukulolani muwawerengerenso amayi aang'ono, pakuti nawonso ndi mkazi wanu ndipo amachapa kumtsinje. Azakhali akupereka moni. Amayi sanandipatse moni woti ndikupatseni, ndipo sindiwapekera.

Ndine mwana wanu, wokwiya koma wokukondanibe,

Suwilanji