Pulayala ya Ababa Ikubwerera ku Nkando

Maun, Botswana
Lamulungu, 13 Okutobala 2024

Okondedwa Ababa,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiyani? Nanga maso, munakawaonetsa ku Boma, kapena mukuzengerezabe monga mwa masiku onse? Ndikudziwa kuti kalatayi akukuwerengerani ndi mng'ono wanga Estele. Iwe Estele, uwerenge zonse, usadumphe pena poti Ababa angakhumudwe. Ndimakudziwa.

Ine ndilipo, kungoti ndatopa. Kuno mwezi uno dzuwa likuchita kuwotcha, moti masana ukakhudza phiko la ndege umachotsa dzanja msanga. Ine amene ndinkadandaula ndi chiperoni, lero ndikuchilakalaka.

M'kaphukusi kamene a Noel oyendetsa thiraki akupatseni pamodzi ndi kalatayi muli pulayala yanu ija. Ndikuibweza. Musakwiye msanga, yambani mwamva.

Mukudziwa kuti ndimagwira m'shedi yokonzera ndege zing'onozing'ono zonyamula alendo okaona nyama. Pa ndege bawuti sitingolimanga n'kuchokapo, chifukwa injini imanjenjemera ulendo wonse ndipo bawuti limamasuka lokha. Ndiye mabawuti ofunika ali ndi kabowo kumutu. Timalowetsamo kawaya kowonda, n'kukapota, n'kukamangirira pa bawuti linzake, kuti likati limasuke wayayo alikokere komangika. Ntchito yanga yambiri ndi imeneyo, kupota waya tsiku lonse.

Pali pulayala yakeyake ya ntchitoyi. Imagwira waya n'kudzitseka, ndipo ukakoka kachitsulo kakumchira imazungulira yokha n'kumapota. Koma m'shedi mwathu ilimo imodzi, anthu tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo ine mlendo ndimakhala wotsiriza kuipeza. Ndiye ndinkapota ndi zala, n'kumakoka waya ndi pulayala yanu. Zaka ziwiri ndakhala ndikuchita zimenezi, ndipo ndinkanyada nazo.

Lachiwiri lapitali a injiniya athu, bambo achikulire osalankhulalankhula, ankayendera ndege imene ndinali nditangomaliza, yoti mawa lake inyamule banja lina. Anakoka ndi chala waya wa pa fyuluta ya oyilo, wayayo n'kuduka. Anandiitana, n'kundionetsa pa galasi lokulitsa zinthu. Pamene waya anadukirapo panali timabala ta mano a pulayala. Anandifunsa chimene ndimagwiritsa ntchito, ndipo ndinawapatsa yanuyo.

Anaitembenuza nthawi yaitali. Anati ndi chida chabwino, ndipo zikuoneka kuti mwini wake amadziwa kusamala zitsulo. Koma anati mano ake anapangidwira kuluma osataya, pamene waya wa ndege akangolumidwa amadzadukira pomwepo tsiku lina ali m'mwamba. Sanakalipe ayi. Bola akanakalipa.

Ababa, ndinachita mantha, ndipo manyazi anandigwira. Fyuluta ija ikanamasuka oyilo yense akanatayika, ndipo kumene zimapita ndegezi ndi madambo okhaokha. Ndege siima pambali pa msewu ngati njinga kuti munthu aone chavuta. M'banja lija munali ana awiri, ndinawaona mawa lake akukwera.

A injiniya aja anandilamula kudula waya yense amene ndinamanga pa ndege zinayi n'kumanganso. Zanditengera masiku atatu. Zala zanga zachekekachekeka, moti cholemberachi ndikuchigwira mokakamiza. Pomaliza anandiuza kuti Lolemba ndibwere ndi pulayala yoyenera yangayanga, apo ayi ndizikatsuka ndege panja. Anawonjezera kuti yanuyo isadzalowenso m'shedi.

Dzulo ndinapita kusitolo yogulitsa zida za ndege. Wogulitsa anandiyalira pulayala zinayi patebulo, mutu n'kundizungulira. Pali zazitali ndi zazifupi. Pali zopota mbali imodzi yokha ndi zopota uku ndi uku. Zina zili ndi mano akuthwa, zina kukamwa kwake n'kosalala, kongopindikapindika kuti zigwire waya osamuvulaza. Zina zoti sindikufuna ndinazidziwa msanga. Yaitali singalowe m'mainjini athu, ndi mopanikizana, komanso manja anga ndi aang'ono. Ya mano akuthwa sindinafune ngakhale kuiyang'ana. Zinatsala ziwiri zazifupi, ina yonyezimira, ina yakuda yosaoneka bwino.

Wogulitsa anakakamira yonyezimirayo. Anati ili ndi sipuling'i yobweza kachitsulo kaja kokha, ndipo aliyense akutenga imeneyo. Ndinali nditatopa, ndinatsala pang'ono kungovomera kuti ndizipita. Koma manja anachita okha zimene munkachita inu pogula chida kwa amaoda pa msika wa Nkando. Ndinaitseka, n'kupita nayo pakhomo, n'kuikweza ku dzuwa. Kuwala kunadutsa pakati pa kamwa lake. Ndinaigwedeza pakhutu, inalira pa msomali wapakati. Kenaka ndinasolola ulusi pa ovolosi yanga kuti idule, inangoutafuna.

Wogulitsa uja anaseka, n'kundifunsa ngati ndikugula vwende. Ndinatenga yakuda ija. Ku dzuwa sinadutse kuwala, pakhutu inali zii, ulusi inadula kamodzi. Imapota mbali zonse ziwiri, ndipo podulira pali kamphira kogwira kachidutswa ka waya kuti kasagwere mu injini. Ndinagula imeneyo. Mawa ndikawaonetsa a injiniya, kaya akaiona bwanji, koma mtima wanga suli pa zimenezo kwenikweni. Uli pa inu.

Ndikanatha kuibisa yanuyi m'sutikesi n'kumakulemberani kuti zonse zili bwino. Ndinaganiza choncho masiku awiri. Koma Estele anandiuza pa foni kuti chichokereni ine simunapeze ina yokukhutiritsani, ndipo mukafuna pulayala mumawoloka msewu kukabwereka kwa a Abdul owotcherera, akabaza akudikira ndi njinga zili miyendo m'mwamba. Anandiuzanso kuti a Abdul akakusekani mumawayankha kuti yanu ili kunja, ikukonza ndege. Inu simunandiuzepo zobwereka. Estele, usaope, werenga basi, ndakuulula kale.

Ndikukumbuka tsiku limene munandipatsa pulayalayi. Achimwene a Kondie anali pomwepo, ndipo aliyense ankadziwa kuti chida cha bambo chimapita kwa mwana wamwamuna. Amalume ananena pamaso panga kuti mwataya chitsulo, mtsikana akakwatiwa adzachisandutsa chophulira mapoto. Munangoikulunga m'kansalu ka buluu n'kundiika m'manja. Ndikudziwa zimene amalumewo adzanene akadzaiona pa saka loyalapo zida zanu pansi pa mtengo wa mango. Ndikudziwanso kuti kwathu mphatso ya kholo sabweza, ndipo wobweza amakhala ngati wakana dalitso. Zimenezi ndi zimene zikundilemera kuposa zala zotupazi.

Pempho langa ndi limodzi. Ilandireni ndi manja anu, musauze Estele kuti akaiponye m'bokosi. Iyaleni pa saka pamodzi ndi masipanala, izigwira ntchito. Pa mabuleki ndi matcheni mano amenewo ndiye ofunika. Wina akafunsa, muuzeni zoona, kuti inagwira ndege zaka ziwiri, ikuluma kwambiri, ndiye yabwerera ku njinga. Amalume akafuna kuseka, aseke ine, chifukwa wolakwa ndine amene ndinailowetsa kumene siinapangidwire. Dalitso lanu sindinakane, Ababa. Ndikanakana, bwenzi dzulo nditagula yonyezimira ija.

Mphira ya chubu imene munakulunga pa zogwirira yadyeka motsata zala zanga, ndiye poyamba izikusowetsani pogwira. Ndinagula chubu chakale kuti ndikulunge ina, koma nditayamba kumasula yanuyo ndinalephera, ndinangoibwezeretsa. Mukasintha ndinu.

Moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya, asadandaule, ngakhale nandolo wa kuno ndi wa m'chitini. Moni kwa achimwene a Kondie ndi alamu, ndi ana onse. Moni kwa azakhali a ku Thuchila, ndamva za mwendo wawo. Amalume nawonso muwapatse moni. A Abdul muwathokoze m'malo mwanga chifukwa cha zaka ziwirizi, ndipo muwauze kuti simuwolokanso msewu.

Ndisanaikulunge m'kansalu ka buluu kaja ndinaipaka oyilo, n'kutuluka nayo panja, n'kuikweza ku dzuwa. Maso anu akakana, Estele akuonereni. Kuwala sikukudutsabe.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Ireen