Malemu Akana Kubweza Njinga

Kwa Nchilamwela,
Thyolo.
Malichi, 2004.

Wokondedwa mwana wanga Callista,

Usanawerenge kalatayi usambe m'manja, ukhale pampando wabwino, adzukulu anga uwauze aleke phokoso. Amene akukulemberayu si munthu wamba. Ndine Peterson Namalima, kapitawo wopuma wa m'minda ya tiyi, mwini maphunziro a Sitandade 5 ya nthawi ya atsamunda, munthu yekhayo m'boma lonse la Thyolo amene anafika mochedwa pamaliro ake omwe, akukankha njinga.

Muli bwanji ku Lilongweko? Amuna ako a Stafford ali bwanji? Nanga Hazel ndi Leonard, chifuwa chija chinawasiya? Kuno tilipo. Amayi ako ali bwino, lilime lawo likukulirakulirabe. Mvula ikugwa yokwanira, tiyi waphuka mpaka otchola akusowa nthawi yowongola msana. Ine malemu ndikudya kuposa kale.

Uthenga wako unafika. A Tomasi, aneba athu aja, anabwera nawo kuchokera ku lamya ya pasitolo, n'kuunena chiimire ngati wapolisi. Akuti kumapeto kwa mwezi uno a Stafford akubwera ndi galimoto kudzatenga njinga yawo, ndi ine ndemwe, ndizikakhala kwa iwe pamene ungamandione ndi maso. Akutinso tsiku lija unalira kuchokera kuchipatala kuntchito kwako mpaka kudepoti ya basi. Zimenezi zokha sindiseka nazo, mwana wanga. Pepa. Koma mlandu saweruza ndi khutu limodzi, ndiye imvanso mbali yanga.

Ukudziwa kuti mawondo angawa anathera m'zitunda za esiteti, kulondola mizere ya tiyi amene mpingo wathu sutilola n'kumwa komwe. Chipumireni pantchito ndinasanduka katundu wa pakhonde. Odutsa ankandipatsa moni wa mawu otsika, uja amapatsa munthu amene akumuwerengera masiku.

Ndiye mu Disembala amuna ako anandisiyira njinga yamagiya ija, imene anyamata akuitcha mawunteni. Anati ndizipalasa pang'onopang'ono pamalo athyathyathya kuti mawondo amasuke. Ndinawayang'ana akamwini anga ndi chisoni. Thyathyathya ku Thyolo? Kuno malo athyathyathya ndi pamwamba pa tiyi pokha. Ndipo ndinafikapo, umva.

Njingayo nditaiyang'anitsitsa ndinaona kuti ndi yosavala. Keliyala palibe, madigadi palibe, belu palibe. Matayala onenepa, a mano ngati ng'ona. Ndinamasula belu la pa njinga yanga yakale ya Hamba ija n'kuimangirira kuti ikhaleko ndi ulemu. Za magiya sindinafunse munthu. Kapitawo afunse? Ndinaika tcheni pamene pakulemera kwambiri, poganiza kuti mwamuna wolemekezeka amapalasa zolemera. Safunsa anadya phula.

Chimene sindinachikhulupirire ndi mabuleki. Pa Hamba buleki ndi chitsulo, umachiona ndi maso. Apa timawaya ngati nsambo za banjo. Ife akale tikamatsika mtsetse ndi katundu tinkamanga nthambi yamasamba kumbuyo kuti izikhwekhwereza pansi, njinga isathamange. Nzeru imeneyi inatsitsa matumba a nthochi osawerengeka.

Tsiku lina amayi ako atapita kuchigayo, ndinadula nthambi ziwiri za bulugamu zamasamba bwino, n'kuzimanga ndi luzi pansi pa chishalo. Ndinakankha njinga mpaka pamwamba pa msewu wodutsa pakhomo pathu uja, ndinakwera, ndinayamba kutsika ngati bwanamkubwa, fumbi lili tolo kumbuyo.

Nthambi yoyamba inaduka kumtunda kwa nyumba yathu. Yachiwiri inaduka kumunsi, pa nthochi za a Tomasi. Pamenepo njinga inakumbukira kuti ndi yachinyamata. Mitengo inayamba kundidutsa yosapereka moni. Ndinafinya buleki imene dzanja linapeza, osadziwa kuti ndi yakutsogolo. Njinga inaima. Ine sindinaime.

Ndinatera chagada pamwamba pa tiyi, kumunsi kwenikweni kufupi ndi mtsinje. Tiyi amene ndinamusamalira moyo wanga wonse anandilandira ngati matiresi. Fupa silinathyoke, koma thalauza linang'ambika pamalo osatchulika, ndipo m'munda wapafupi munali amayi otchola amene kale ankanjenjemera akandiona. Ndinabisala m'mizeremo kudikira kuti aweruke, kenaka ndinazungulira njira yakumtsinje ndikukankha njinga.

Tsopano taganiza zimene anthu anaona pamsewu. Masamba aawisi opingasa kumtunda kwa nyumba, masamba ena opingasa kumunsi, pakati pake nyumba ya nkhalamba yodwala mawondo, mpando wa pakhonde uli wokha. Mwana wa kuno aliyense amadziwa kuti masamba akagona choncho pamsewu, pakhomopo pagwa zovuta. Ndipo pamaliro munthu safika n'kufunsa kuti kodi n'zoona. Umavula chipewa, umakhala pansi.

A Tomasi ndiwo anayamba. Anatsika panjinga yawo mwaulemu, anapukusa mutu, anati ankaziona kuti bambowa safika kokolola. Otchola tiyi poweruka anatula madengu n'kukhala pabwalo. Wina anati thupi lili kuchipatala cha mishoni, onse anavomera. Amayi ako pobwera kuchigayo anangoona masamba ndi khamu pakhomo pawo, thumba la ufa pansi khu, kulira kunayambika. Mwini nyumba akalira, ndani angatsutse? A Tomasi anathamangira ku lamya kukuimbira iwe, n'kutumanso munthu kwa Mphuka kukauza azakhali ako a Leah.

Ine ndikutulukira kuseri kwa nthochi dzuwa litapendeka, ndikumva nyimbo ya maliro yoimbidwa bwino zedi. Ndinavula chipewa, ndikudzifunsa kuti watisiya ndani. Kenaka ndinamva dzina langa.

Ndisakunamize, ndinaima kaye kumvetsera. Mwayi woterewu subwera kawiri. Akulu a mpingo anati ndinali munthu wofatsa. Mayi wina amene ndinkamubweza dengu chifukwa chotchola masamba okhwima anati ndinali kapitawo wachifundo. Nditaona kuti mabodza achuluka pakhomo pa Mkhristu, ndinaliza belu.

Callista, sindinaonepo amayi a Dorika akuthamanga choncho. Akulu a mpingo okha ndiwo analimba mtima. Anati mpingo umaphunzitsa kuti akufa amagona mpaka lipenga lomaliza, nanga ine ndadzukiranji msanga? Ndinati kumeneko ndinapeza kulibe malo athyathyathya. Amayi ako anandikumbatira, kenaka anandikwapula ndi thumba la ufa lija mpaka ndinayera ngati mzukwa weniweni. Nkhuku imene wina anabweretsa yachipepeso sindinabweze. Inali yanga, ndinaifera.

Mpaka pamenepa useke. Zotsatirazi ndi zimene ndakulemberera.

Iwe anakuimbiranso usanakwere basi, unamva kuti ndili moyo. Azakhali ako lamya alibe, maso alibe. Amene anapita kukakonza uthenga anabwerako manja ali m'khosi. Akuti achemwali angawo anakana. Anati anthu akuwanamiza chifukwa ndi okalamba ndi osaona, mlongo wawo waikidwa iwo osaponyako dothi. Anati ngati Peterson ali moyo abwere yekha, si mwana wakhanda. Ndipo analeka kudya.

M'mimba mwa amayi athu tinatulukamo ambiri, tatsala awiri. Achemwaliwa ndi amene anandibereka kumsana. Chiyambireni mawondowa sindinapondeko kwawo, mvula ziwiri zadutsa. Matola nyengo ino safika, msewu wakumeneko ndi phala. Wapansi sindikanatha. Panatsala njinga yomwe inandiphayo.

Mulungu anatuma mayi Triza, azaumoyo a dera lathu, amene amayendera midzi pa njinga yamtundu womwewu. Anabwera kudzandipaka mankhwala pa mikwingwirima. Ataona pamene ndinaika tcheni anaseka mpaka anakhala pansi. Anati agogo, apa ndi pothamangira pamsewu wa tala, mukupha mawondo dala. Ine kapitawo ndinapinda mchira n'kukhala mwana wa sukulu kwa munthu wa msinkhu wako.

Anandikwezera chishalo kuti mwendo uziwongoka. Anati chitunda chisanakulume, kankha kachitsulo ka pahandulo, tcheni ikwere pa mbale ya mano yaikulu yakumbuyo, usadikire kuti miyendo yalemedwa kale. Anati usachite manyazi kupalasa mopepuka ngati nkhuku yofukula pansi, chitunda sichimva ukali, chimamva kupirira. Potsika, matako kumbuyo, mabuleki onse awiri mowanyengerera, osawafinya ngati ukupha nsabwe. Ndipo maso aziyang'ana kumene ukufuna kupita. Ukayang'ana mwala, mwalawo ukuitana.

Ndinayeserera pa msewu wopita kufakitale. Anyamata onyamula nkhuni panjinga ankandikuwiza kuti malemu miyendo ikuthamanga koma njinga ili pompo. Ndinkawayankha kuti tikumana pachitunda. Pachitundapo iwo ankatsika n'kumakankha, ine ndikudutsa ndili khale pachishalo, ndikuwafunsa ngati akufuna ndiwatumizire moni kutsogolo.

Sabata litapita, m'mawa mwake ndinanyamuka nkhungu isanachoke m'minda. Amayi ako anandimangirira kamphika ka kalongonda pamsana ndi chitenje, poti keliyala palibe. Mfundo yake anaimanga kawiri.

Ukuchikumbukira chitunda chija cha kwa Mphuka timachitcha cha Tsikani, pamene ngakhale a matola amauza anthu kuti atsike akankhe? Chibadwire changa sindinaonepo munthu akuchikwera ali panjinga. Ndinachiyang'ana, chinandiyang'ana. Ndinakankha kachitsulo mpaka tcheni inafika pa mbale yomaliza, ndinaweramira kutsogolo, ndinayamba kufukula. Matope ankagwira, mano a matayala ankaluma. Mtima unkagunda m'makutu. Pakatikati ndinaipeza thirakitala ya esiteti ikulira ndi ngolo yake, ndinaipitirira, dalaivala anavula chipewa n'kundichitira sawasha. Amayi ogulitsa mapeyala pamwamba paja anaimirira n'kuyamba nthungululu. Phazi langa silinagunde pansi, mwana wanga. Bambo ako, amene mumati asamachoke pakhonde.

Achemwali ndinawapeza atakhala padzuwa, atatsamira khoma, atatha ngati chiputu. Ndinapereka moni. Anati mizukwa nayo imadziwa moni. Anandiuza ndigwade. Manja awo anayenda pankhope panga, pamphuno, m'makutu, mpaka anapeza chipsera chija cha pachipumi chimene ndinachipeza ndili khanda atandigwetsa iwo omwe kumsana. Chala chinaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka mbama, phaa! Anandizazira m'Chilomwe chakuya chija chimene inu ana simuchimva. Anati tatsala awiri, ndisadzayerekezenso kufa osawauza. Atatero anafunsa kuti chikununkhira pamsana pangapo n'chiyani.

Kalongonda uja anadya okha, ine ndinangonyambita chala. Atakhuta anati ndiwaonetse chilombo chimene chinandipha. Anaisisita njinga yonse, anati ndi yamaliseche koma ili ndi mtima wabwino. Potsazikana anandigwira dzanja osafuna kulisiya, anati ndibwerenso asanaiwale mawu anga.

Pobwerera ndinatsika cha Tsikani matako kumbuyo, mabuleki mowanyengerera, popanda tsamba ndi limodzi lomwe. Chichokereni tsiku limenelo Lamulungu lililonse ndimapita. Achemwali ayamba kubwerera m'thupi. Amandidikira panja, akuti belu langa amalimva ndisanafike pa mapeyala.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti ukufuna kunditenga chifukwa cha chikondi, ndipo nyumba yako ndi yabwino. Koma ku Lilongwe mukandikhazika pakhonde lina, lasimenti, ndizikawerenga magalimoto. Kumeneko ndiye mukaike masamba enieni. Ndipo kwa Mphuka kuli munthu amene sadzamvanso belu, ndipo ulendo uno sadzakhala akulakwitsa. Njinga iyi yandibwezera miyendo. Mawondo anandilanda kamodzi, iwe usandilande kachiwiri, Callista.

Amayi ako poyamba ankati njingayo iponyedwe m'chimbudzi. Dzulo ndawapeza akuipukuta matope ndi chitenje chawo chakale. Ati ndikuuze kuti a Stafford akabwera adzadya nkhuku, koma galimoto idzabwerera mmene inabwerera. Ati nkhalamba yopalasa njinga imabwera yotopa, imagona msanga, pakhomo pamakhala mtendere.

Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu kuti sindidzamanganso nthambi. A Stafford abwere ndithu, koma m'malo motenga abweretse: chubu chapadera, pampu, ndi chipewa cholimba chija amavala mayi Triza. Ngati ali ndi mtima abwerekenso njinga ina, ndikawaonetse cha Tsikani. Ndidzawadikira pamwamba.

Undiperekere moni kwa akamwini anga, uwauze kuti mphatso yawo inapha munthu n'kudzutsa awiri. Hazel ndi Leonard uwauze kuti agogo awo ndi katswiri, asamve za ena. Amayi ako, azakhali ako ndi a Tomasi akupereka moni, ngakhale a Tomasi masiku ano akaona masamba pamsewu amayamba agogoda kaye. Ambuye akusungeni nonse, akudalitse manja ako pantchito yosamalira odwala.

Ndine bambo ako okukonda,
Malemu Peterson Namalima,
wamoyo.

Ndayiwala chimodzi. Amayi ako andiwerengetsa kalatayi mokweza, ndipo ati sinyamuka pakhomo pano ndisanakonze bodza. Chabwino. Za thirakitala zija ndapeka. Kunalibe thirakitala, kunalibe dalaivala, kunalibe sawasha. Chimene ndinapitirira pachitundapo ndi mbuzi, nayonso inali yomangirira. Koma chitunda ndinakwera, ndipo mbama ya azakhali ako ukabwera udzaione, tsaya likadali lofunda.