Lezala la Apongozi

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Dedza, koma ndinakwatira kuno ku Wenya. Chaka chilichonse ndimajambula chiwindi pa bolodi, ana n'kukhoza mayeso. Changa ndiye chandikanika.

Maso atachita chikasu ndinakayezetsa ku Lilongwe patchuthi. Adokotala anandipeza ndi matenda otupa chiwindi a mtundu wa B, komanso kachilombo ka Edzi. Khadi la chipani ndimayenda nalo m'thumba la shati, koma kapepala ka adokotala ndinakabisa m'buku. Mkazi wanga Dinah sakudziwa.

Tsopano apongozi aakazi aona masowa. Mwamwambo sitiyankhulana maso ndi maso, ndiye uthenga unadzera mwa Dinah, yemwe amanditchula kuti Asambizgi, kutanthauza aphunzitsi m'chiyankhulo cha kuno: "Amama akuti tikangokolola mawere akutemerani mphini. Akatha kutemera inu, atemera ine ndi mwana wathu ndi lezala lomwelo kuti nthenda ituluke m'nyumba. Asambizgi, musayambe zam'mabuku zanu zija."

Ndinangoti, "Yewo," zikomo wa kuno. Digiri yonse ija inathera pamenepo. Mwina ndine wamantha chabe. Ndikane bwanji popanda kuulula?

T.M., Chitipa


A T.M.,

Apongozi anu apeza njira yachidule yogawira nthenda banja lonse tsiku limodzi. Koma iwo akuchita mwachikondi, posadziwa. Wodziwa ndinu.

Kachilombo ka chiwindiko kamafala kudzera m'magazi mosavuta kuposa ka Edzi, ndipo mwana akakatenga ali wamng'ono amatha kukhala nako moyo wake wonse. Lezala limenelo lisakhudze munthu. Zitsamba musamwe, chifukwa matenda awiriwa akakumana chiwindi chimafooka msanga. Mankhwala ochiza sanapezeke, choncho tetezani chimene chatsala. Mowa muusiye, mapilitsi a m'golosale musamangomeza, idyani mokwanira. Mimba ikatupa kapena mukasanza magazi, thamangirani kuchipatala.

Mukufuna njira yokanira osaulula. Palibe. Mwambo womwewo wakutsekerani pothawira, pakuti mawu anu onse opita kwa apongozi amadutsa mwa Dinah. Muuzeni sabata ino muli awiri. Mupite naye kuchipatala pamodzi ndi mwana akayezedwe, ndipo muyambe kugwiritsa ntchito kondomu. Akakwiya, musadabwe. Chifukwa ali nacho.

Chenjerani, aphunzitsi, mawere sadikira kuti munthu alimbe mtima. Tulutsani kapepala kaja m'buku. Dinah amatha kuwerenga.