Ng'ombe Yothamanga Ngati Basi

Lolemba, 8 Seputembala

Anayambitsa ndani lamulo loti kadontho kakaoneka kachilendo pamapu tizingokafufuta? Ndafunsa mu ofesi lero. Onse kundiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake anthu amavala nsapato. A Pulofesa akuti, "Ndi phokoso la makina limenelo, chemwali. Fufutani."

Digiri yonse ija, kudzafufuta timadontho. Pampando wogwedera, kuseri kwa fotokope.

Ndilembe bwinobwino, mwina ndidzaseka ndikadzakhala dokotala. Ng'ombe za anthu a m'mphepete mwa paki tinaziveka makolala m'khosi, khola lililonse ng'ombe imodzi. Kolala imatumiza kadontho pakompyuta kusonyeza pamene ng'ombeyo ili. A paki akufuna kutchinga dambo ndi waya kuti likhale la njovu ndi njati zokha, koma akudikira lipoti lathu kuti amve ngati ng'ombe zimalidalira dambolo m'chilimwe. Ine ndikudikira siginecha ya a Pulofesa pakalata yanga ya masitazi kunja. Popanda iyo, ine ndi fotokope mpaka imvi.

Lachitatu, 10 Seputembala

Ng'ombe Nambala 9 yathamanganso pamapu. Kuchoka kukhola mpaka pamsika, liwiro la basi, kenako kuima pakhomo pa golosale mpaka masana. Ng'ombe yokagula sopo. Sindinafufute. Ndasunga mufoda yomwe ndaitcha "Nyimbo za kwaya". Palibe angatsegule.

Mkamwini wandipeza ndikuseka ndekha. Si mkamwini weniweni, akuchita digiri ya udokotala pansi pa a Pulofesa, koma kanyamulidwe kake ka chikwama cha a Pulofesa, ungati akufuna mwana wawo. Walemba chaputala chathunthu cha Nambala 4, ng'ombe imene imaswera pansi pa mtengo umodzi tsiku ndi tsiku. Mutu wake akuti kapumidwe ka ziweto m'nyengo yotentha. Ndamufunsa kuti nanga imamwa liti madzi. Akuti ndikakula ndidzamvetsa. Kundiposa kwake ndi ndevu zokha.

Amayi aimba. Mwana wa a neba wayamba kubanki, wagula kale firiji. Ndati ndamva. Akuti, "Iwe ukuwerengabe ng'ombe za eni?"

Lachiwiri, 16 Seputembala

Kumudzi, kukasintha mabatire a makolala. Fumbi mpaka m'mano. Udzu wonse wauma gwa, kobiriwira ndi kudambo kokha.

Nthawi zonse timatumiza uthenga kuti tikubwera, timapeza ng'ombe zitakonzeka ngati ana a sukulu tsiku loyendera. Lero galimoto inafulumira. Mkamwini ali pamthunzi kudikira kuti nthawi ikwane, ine ndinazemba wapansi kupita kukhola la Nambala 9.

Khola lopanda ng'ombe. Pakhomo bulu, ngolo kumbuyo, kolala yathu m'khosi. Kundiyang'ana ngati ine ndiye ndalakwa.

Mwini khola ndimawatcha a Chipewa, sindinawaonepo mutu. Anayamba zoti buluyo anaitola yekha. Akazi awo anawadula: "Bambo ake, muuzeni mwanayu, waona kale."

Nkhani yake ndi iyi. Udzu ukauma, ng'ombe zimakadya ndi kumwa kudambo, mbali ya paki. A paki akazipeza amazitsekera. Ndiye anthu angavomere bwanji kuti ng'ombe iziyenda ndi kazitape m'khosi? M'mawa uliwonse sipanala, kolala kuimasula, kuveka bulu. Buluyo akatopa, kolala imakwera njinga yamoto ndi a Chipewa kupita kumsika. Ndinafunsa za Nambala 4. Akuti, "Mwini wake uja alibe bulu. Amangokoleka pamtengo."

Ndinaseka mpaka kutsamira khola. Chaputala cha Mkamwini! Pobwerera m'galimoto ndinamufunsa ngati ng'ombe yake yapuma bwino lero. Anayankha mwaulemu kuti inde.

Lachisanu, 19 Seputembala

Kuseka kwatha.

Andipatsa lipoti kuti ndikonze makoma ndi mafulusitopu. Tsamba lomaliza: kafukufuku wasonyeza kuti ng'ombe sizifika kudambo ngakhale pachimake pa chilimwe, choncho waya sudzapweteka aliyense. Ndawerenga ndili chiimire. Anthu aja abisala bwino kwambiri mpaka adzifufuta okha.

Mutu ukuwawa. Bandulo yatha. Mwini nyumba wayamba kundipatsa moni wautali.

Lolemba, 22 Seputembala

Ndalowa kwa a Pulofesa, ndawauza za bulu. Anamvetsera akupukuta magalasi. Akuti, "Maso si chida choyezera, chemwali. Dzina la mlimiyo ndani?" Ndinati ndaiwala. Akuti sayansi siyendera nthano za munthu woiwala. Kenako kumwetulira, dzanja pamulu wa mapepala: "Kalata yanu ija ili pompano. Tikadutsa bwino msonkhano, ndiikumbukira."

Tikadutsa bwino. Ndamva.

Si munthu woipa. Ntchitoyi anaivutikira, makolala anachita kupempha kunja, ndipo njovu amazikondadi. Koma kuti avomere pamaso pa anthu kuti wakhala akutsatira abulu? Angalole kumeza magalasi aja.

Msonkhano uli kumayambiriro a mwezi wamawa kuhotela. Akuluakulu a paki, azungu othandiza, tiyi wa mabisiketi. Eni ng'ombe sanaitanidwe, akuti adzauzidwa zotsatira. Chimene a Pulofesa akunyadira kwambiri ndi kuonetsa mapu amoyo pakhoma, alendo adzionere okha pamene ng'ombe zili nthawi yomweyo.

Amoyo. Nthawi yomweyo.

Ayi. Iwe, khala pansi.

Loweruka, 27 Seputembala

Sindinakhale pansi. Ndakwera basi ndekha, ndalama ya nsapato yapita.

Ndawawerengera a Chipewa tsamba lija m'mawu athu. Akazi awo anasiya kusefa mkaka: "Akatseka dambolo, ng'ombezi zidzamwa mapu anuwo?" A Chipewa akuti tikanena zoona atigwira, tikabisa atitchingira, nanga mwana wa sukuluwe wabwera ndi chiyani?

Ndinapempha kubwereka kolala. A Chipewa anakana. Nambala 9 imadziwika kuti ndi ya khola lawo, akhala oyamba kutengedwa. Sindinaganizeko zimenezo, ine wa digiri. Manyazi.

Mayi aja anangomanga mpango n'kutuluka. Ndinamva akuitana pakhomo ndi pakhomo. Kukangana kunalipo, wina mpaka anandiloza chala kuti ana a m'tauni amayatsa moto n'kukwera basi. Zoona zake. Koma dzuwa lisanapendeke, makolala onse anali m'thumba la feteleza, ya pamtengo ija pamwamba, ili ndi zitosi za mbalame. Mayi akuti, "Akafuna kugwira agwire tonse. Koma ukawauze abwere adzatifunse, pakamwa tili napo."

A Chipewa pondiperekeza: "Ibwerere imeneyo, mwana wanga. Bulu waizolowera."

Lachiwiri, 30 Seputembala

Ng'ombe zonse za kafukufuku zikugona pansi pa bedi langa. Pamapu zaunjikana pakanyumba kalendi kuseri kwa malo ogulitsira mafuta. Palibe waona, poti woyang'ana timadontho tatsopano ndi ine ndekha. Akuluakulu amangoona zotsukatsuka.

Thumba likununkha khola. Mwini nyumba wafunsa ngati ndayamba geni ya zikopa.

Mantha akundigwira. Ndatsegula chithunzi cha yunivesite ya kunja imene ndikufuna kupitako, laibulale ya magalasi okhaokha, ndatsekanso. Amayi anauza kale a kutchalitchi kuti ndikupita kunja. Mwinanso a paki akamva zoona adzangowonjezera alonda, osafunsa munthu. Ndiye ndidzakhala ndawagulitsa anthu aja chifukwa chofuna kuoneka wanzeru. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti lipoti likadutsa mmene lilili, waya ukubwera.

Mkamwini wagula tayi yatsopano.

Lachinayi, 2 Okutobala

Ndikulemba pabasi.

Kulongedza katundu m'buti ya galimoto ya a Pulofesa ndi ntchito yanga. Pulojekita, zikwangwani, mabotolo a madzi. Ndi thumba la makolala lija, pansi pa zonse.

Holo yozizira, mipando yovekedwa nsalu zoyera ngati ukwati. A Pulofesa analankhula bwino, ndisaname. Mkamwini anaonetsa ng'ombe yake yopuma, mzungu wina mpaka kulemba. Kenako a Pulofesa: "Tsopano tione pamene ziweto zathu zili panopa." Ndinadina pakompyuta.

Mudzi mbee. Dambo mbee. Mapu anadzikoka okha kufunafuna timadontho, kudutsa msewu waukulu, kulowa m'tauni, mpaka denga la hotela. Tonse mulu umodzi, poimika magalimoto.

Bwana wamkulu wa paki anadzuka n'kupita pawindo. Kusuzumira ndithu, kufuna ng'ombe. Wina kumbuyo anaphulika kuseka n'kusandutsa chifuwa. Mkamwini akuti netiweki, netiweki imatero. Bwana uja anabwerera pampando: "Ine ndikuona magalimoto okhaokha. Waya wanga ndimange potengera zimenezi?"

A Pulofesa anavula magalasi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti adziwa. Mawu ofatsa ngati a bambo kwa mwana wawo: "Chemwali, inu ndi amene mumakhala ndi makinawa. Tawafotokozereni alendo vuto lake." Ananditsegulira khomo lothawira. Ndikanangoti batire, tikanapita kukamwa tiyi, mawa siginecha.

Ndinaganiza za laibulale ija. Ndinaiganiziradi.

Ndinadzuka, ndinayenda mpaka kutsogolo nsapato zanga zong'ambika zikulira pamatailosi, ndinatambasula dzanja, ndinawapempha makiyi a buti.